Funso Limene Silinkasuntha

Basi ya ku Joni inafika pa boda ya Mwanza dzuwa lili paliwombo, ikukoka kangolo kodzaza mafiliji ndi mabulangete. Liness anali atadikira kuyambira m'mawa pakhonde la sitolo ina, maso ali kumsewu wochokera ku Zobue. Anthu anatsika mmodzimmodzi akudziwongola misana, ena akukuwa mayina a abale awo. Basi itatsala pang'ono kutha anthu, amuna awiri anatsika atagwirizira wachitatu m'khwapa. Ameneyo ndiye anali a Jailosi, achimwene ake a Liness, amene anachoka kumudzi zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo ali ndi akatumba olimba ngati mipini. Tsopano mkono wamanja unkangolendewera, ndipo pakamwa panali patapotokera mbali imodzi.

Liness anawerama n'kuwagwira dzanja lamoyolo.

"Achimwene, ndine Liness. Mwafika kwathu."

Anamuyang'ana ndithu, koma momwe munthu amayang'anira mlendo amene wamupatsa moni pomufanizira ndi wina. Kenako maso awo anapita kumalole amene anandanda m'mbali mwa msewu.

Amuna aja anafotokoza zimene Liness anali atamva kale pafoni. Inali sitiroko, inawagwetsa akutchetcha udzu pakhomo pa bwana wawo, ndipo chigwereni sanatulutse mawu ena kupatula "eya". Ukawafunsa ngati ali ndi njala, eya. Ukawafunsa ngati akhuta, eya. Amalawi anzawo ataona kuti zinthu sizikusintha, anangowakweza basi kuti akadwalire kwawo.

Liness anawatengera kunyumba kwake pa Boma, ndipo amuna ake, a Timoti, anasuntha mipando ya pabalaza kuti pakwane bedi. Liness sankapempha zambiri. Zoti achimwene ake adzayendanso anazisiya m'manja mwa Mulungu ndi achipatala. Chimene chinkamudya mumtima chinali chimodzi chokha: kuti amudziwe, ngakhale kamodzi. Bambo awo anamwalira kalekale, mayi nawonso anamwalira a Jailosi ali kunja, ndipo padziko lonse panatsala munthu mmodzi yekha amene ankamudziwa Liness asanakhale Madamu wa pakoleji, adakali kamtsikana kothetheka zidendene. Munthuyo ndiye anali pabalaza pakepo, akumuyang'ana ngati namwino wobwera kudzapereka mankhwala.

Kuchipatala, mayi wochititsa mafizo anamulangiza mwachidule.

"Mawu musamawatchulire. Mukawasonyeza kapu, dikirani, alifunefune okha dzinalo ngakhale ziwawe. Pang'ono lero, pang'ono mawa, osati kuwapanikiza tsiku lonse."

Liness anatsala pang'ono kuseka pamaso pa mayiyo. Amenewo ndiwo mawu omwe iye amauza ophunzira ake a zamagetsi chaka ndi chaka, moti kumbali amamutcha Tsekanibuku, akuganiza kuti sadziwa. Ndipo chiyambi chake sichinali m'kalasi ayi. Anaziyamba pakaliyala ya njinga ya munthu yemweyu.

Chinali chaka chimene anthu anavota kachitatu chibwerere zipani zambiri, mitengo ya m'mbali mwa msewu idakali ndi mapepala osuluka a nkhope za andale. Liness atamaliza Folomu 4 n'kusowa kolowera, analembetsa pasukulu ya ntchito zamanja imene mpingo wina unatsegula pafupi ndi Boma. Atsikana anzake anasankha zosoka. Iye anasankha zamagetsi, ndipo mudzi wawo wa kwa Kanduku unatsala pang'ono kuthyoka nthiti ndi kuseka, poti m'mudzimo munalibe ngakhale polo imodzi. Pamjigo amayi ankamufunsa ngati adzayambe kuyatsa khola la mbuzi kapena nkhokwe. Anthu akwathu, kuseka chinthu asanachimvetse ndiye luso lawo, ndipo pa zimenezi safuna sukulu.

Nthawi imeneyo a Jailosi anali a kabaza, ankanyamula anthu ndi madengu a manachesi pakati pa Boma ndi boda. Pasipoti inali itatuluka kale, anzawo atatsogola, mtima wawo wonse uli ku Joni. Mayi ndiwo anawagwira mwendo kuti ayambe adikira mlongo wawoyo amalize sukulu, poti njira inali yaitali komanso yodutsa m'tchire, yosayenera mtsikana yekha. Anavomera akung'ung'udza. Pobwezera anayamba kumutcha "a Injiniya", ndi ulemu wachipongwe, dzina limene palibe wina aliyense anamuitanapo nalo, kaya kale kaya pambuyo pake.

Anzake a Liness ambiri ankakhala pa Boma pompo, m'nyumba zamagetsi. Kuwerenga kwawo kunali kwa mtundu umene mpaka lero sunathe: kutsegula manotsi, kuwerenga, kubwereza, kudula mizere ndi cholembera chofiira mpaka tsamba lonse kuti psuu, kenako n'kutseka buku mtima uli mbee kuti zalowa. Liness ankawasirira. Iye akafika kunyumba ankapeza ndowa, nkhuni ndi mbale zikumudikira, ndipo pomaliza zonsezo maso ankakhala atalemera kale. Nthawi yokhayo imene anali nayo inali ya panjinga, choncho tsiku lina anayesa kutsegula buku ali pakaliyala. Njira ya kwa Kanduku sinapangidwire owerenga. Tayala linagunda mwala, buku linauluka n'kukagwera m'chitedze, ndipo amene analowa kukalitola ndi a Jailosi. Tsiku lonse anakhala akudzikanda pamaso pa makasitomala, mpaka mayi wina anakana kukwera njinga yawo poganiza kuti ali ndi mphere.

Madzulo ake a Jailosi analamula kuti buku lisadzatulukenso m'chikwama ali panjira. Ngati a Injiniya akufuna kuwerenga, anatero, awauze mafunsowo iwo ndipo azidzawafunsa okha, manja onse awiri ali pachishalo.

Zinayamba choncho, chifukwa cha chitedze. Lamulungu masana akamaswa mtedza pakhonde, Liness ankatchula mafunso ndipo a Jailosi ankabwereza. Sukulu analekezera Sitandade 6, koma anali a kwaya, nyimbo ankaigwira ataimva kamodzi, ndipo mafunsowo anawagwiranso chimodzimodzi, mawu Achingelezi n'kuwapinda momwe lilime lawo linafunira. Mayankho sankawadziwa, sankawafunanso. Ntchito yawo, ankatero, inali kupalasa ndi kufunsa.

Ndiye Liness akasowa yankho, panalibe womuthandiza. A Jailosi ankangopalasa ali duu, ndipo chete ameneyo ankawawa kuposa mkwapulo. Mtsikana ankafukula m'mutu, kuyang'ana msana wa malaya onyowa ndi thukuta, kufukulanso, mpaka yankho lituluke. Likakanika, ankafika pasukulu n'kuthamangira buku asanavale n'komwe ovolosi, ndipo chimene wachipeza ali ndi ludzu lotero sichinkachokanso m'mutu. Masiku amenewo Liness amawakumbukira ndi fungo lake: mame a paudzu, utsi wa m'makhitchini a m'midzi, ndi khungu la nachesi limene a Jailosi ankaponya kumbuyo osayang'ana, nthawi zambiri n'kugwera pamiyendo pake.

Koma wa kabaza amayeza njira ndi malo, choncho funso lililonse analipatsa pake. Pamjigo panali pa fyuzi. Patchalitchi panali pa lamulo la Ohm, poti, anatero, malamulo kwawo n'kutchalitchi. Pachigayo cha dizilo panali pa mota. Kupitirira apo njira inkatsetsereka kulowera kukamtsinje, pansi pa mtengo waukulu wa mbawa, ndipo pamenepo a Jailosi ankakoka buleki. Limu yakumbuyo inali yopindika pang'ono, moti buleki ikagwira inkalira ngati mbuzi yomangidwa. Kulira kumeneko kukayamba, funso linali la mitundu ya mawaya: wamoto ndi uti, wakuda ndi wa chiyani, nanga wobiriwira. Tsiku ndi tsiku zinkayenda motero, ngati ndime za nyimbo, ndipo onse awiri ankaona kuti atulukira nzeru.

Nzeruyo inaonekera poyera pa mayeso oyeserera. Funso loyamba linali la mota. Liness ankalidziwa yankho, koma yankholo linali pachigayo, ndipo kuti akafike pachigayo anayenera kunyamukira pakhomo pa mayi ake. Anatseka maso, anakwera njinga m'mutu, anadutsa pamjigo n'kuyankha za fyuzi, anadutsa patchalitchi n'kuyankha za Ohm, mpaka anafika pachigayo n'kulemba. Funso lachiwiri linali la kutsidya kwa mtsinje. Anabwereranso pakhomo, n'kuyambanso ulendo. Anzake ankatembenuza masamba iye ali m'njira, akukwera zitunda ndi kutsika, ndipo belu linalira theka la pepala lili mbuu.

Analira kuseri kwa wekishopu, osati chifukwa cha manyazi okha. Kulephera mayeso enieni kunatanthauza chaka china, ndipo ntchito imene anzawo a Jailosi anawasungira ku Joni sikanadikira chaka china. Munthu anali atasiya ulendo wake chifukwa cha iye, ndiye iye n'kumubwezera pepala loyera.

Amene anamuitana ndi a Harun, mphunzitsi wawo wa zamagetsi, bambo wamfupi wa pa Boma pompo amene sankayenda opanda tesitala m'thumba la malaya. Chinawazunguza n'chakuti zonse zimene Liness analemba zinali zolondola mpaka kadontho, koma zinali zochepa. Anamufunsa kuti amawerenga bwanji. Atawafotokozera za njinga, za mjigo ndi za chigayo, anaseka mpaka anavula magalasi n'kupukuta misozi.

"Njinga imeneyo usaisiye," anatero. "Anzakowa amawerenga mpaka tsamba kulizolowera ngati nkhope ya mnansi, ndiye amaganiza kuti akudziwa. Kudziwa ndi kutulutsa chinthu m'mutu buku lili chitsekere, ndipo iwe ukuchita kale zimenezo. Vuto lako, nzeru zako wazimangirira pamitengo ya m'njira. Kasitomala sadzakutengera kuchigayo kuti ukumbukire za mota. Kawauze achimwene akowo asokoneze mafunsowo. Limene walikhoza azilisiya masiku angapo, lizizire, kenako azikudzidzimutsa nalo."

Anawonjezera kuti zimenezi sanazipeke iwo, anthu anaziyesa pa ophunzira ambirimbiri n'kuona kuti zimagwira, kungoti ophunzira sazikonda chifukwa zimawawa.

A Jailosi atamva anakwiya ngati wina wawanyozera mwana. Mafunso awo anali ndi malo ake, anatero, ndipo mphunzitsi amene sanapalasepo njira imeneyo asawauze zochita. Anapalasa mawa lake osafunsa kanthu, milomo ili ndwii. Koma mkuja, atangodutsa pamjigo, anafunsa za mota, ndipo atamva mlongo wawo akuchita chibwibwi pa chinthu chimene dzana ankachiimba ngati nyimbo, anazindikira kuti apeza masewera okoma kuposa oyamba aja.

Kuyambira pamenepo Liness sanaonenso mtendere. Ankafunsidwa za fyuzi ali m'munda akukumba mtedza. Ankafunsidwa za Ohm ali kubafa, funso likudutsa pamwamba pa mpanda wa udzu. Potuluka m'tchalitchi, anthu akupatsana moni, a Jailosi ankamunong'oneza za mota nkhope ili yopemphera. Tsiku lina anakangana za mbuzi imene inadya chimanga cha eni, ndipo mkangano uli pakati, mawu atakwera, iwo anangoti phwa funso la soketi. Liness anayankha mokalipa, analondola, n'kupitiriza mkangano pomwe unalekezera. Funso limene ankaganiza kuti analiiwala ankalitulutsa patapita sabata, nthawi imene iye wayamba kulitaya. Poyamba zinkamupweteka mutu, ndipo ankaona ngati akubwerera m'mbuyo. Pang'onopang'ono mayankho analeka kukhala m'njira, anayamba kubwera okha paliponse pamene wawaitana.

Funso limodzi lokha ndilo anakana kulisuntha. Potsetsereka paja, pansi pa mbawa, buleki ikangolira, linali lomwe lija la mawaya. Liness anawakumbutsa kuti a Harun anati onse asokonezedwe. A Jailosi anaimitsa njinga pakati pa njira, n'kutembenuka, ndipo ulemu wachipongwe uja unali utachoka.

"A Harunwo ali ndi alongo awo. Enawa ukalakwa ungolephera mayeso basi. Ili ukadzalakwa, iwe Line, tidzakutenga pamachira. Limeneli silisuntha."

Anali ataona pa boda mnyamata wa lole atagwira waya wolakwika, ndipo nkhaniyo sanaifotokozepo kunyumba. Funso limenelo lokha ndilo anapempha kuti awaphunzitse ndi yankho lomwe, kuti azimva okha ngati walondola. Wamoto ndi wofiira, wakuda ndi nyutulo, wobiriwira ndi ethi. Enawo akayankhidwa ankangoti "hmm", poti analibe podziwira. Ili lokha likayankhidwa, matayala akulowa m'madzi a kamtsinje, ankati, "Mwakhoza, a Injiniya." Kenako onse ankatsika n'kukankha njinga pachitunda cha kutsidya, wina chogwirira wina kaliyala.

Mayeso enieni Liness anakalembera ku Blantyre, ndipo sanakwerenso njinga m'mutu. Anakhoza bwino lomwe. Zotsatira zitangotuluka a Jailosi anayamba kulongedza, monga anagwirizanirana, ndipo Liness anazindikira mochedwa kuti yankho lililonse limene ankakhoza linkawayandikizitsa ku basi. Anakondwa ndi satifiketi yake, inde, koma chimwemwecho chinali ndi mchenga. Njinga anaipachika kudenga la nyumba ya mayi, akuti adzaitsitsa akadzabwera pa Khirisimasi. Makhirisimasi anadutsa ambiri. Mafoni anayamba kutalikirana, mapepala awo okhalira kumeneko anali osalongosoka, ndipo ngakhale maliro a mayi anawalirira pafoni.

Zonsezi zinamubwerera Liness ali pabenchi ya kuchipatala, ndipo pofika kunyumba anali ndi maganizo. Anachita kaye zimene anauzidwa. Ankawasonyeza kapu, supuni, nsapato, n'kudikira, lilime lake ataliluma kuti lisatsogole. Yankho linali eya. Anawasonyeza chithunzi cha mayi, eya. Anadziloza pachifuwa n'kufunsa kuti uyu ndani, ndipo a Jailosi anayang'ana kuzenera. Patapita milungu ingapo anaganiza zowatengera kunjira ija. Ngati njirayo inagwira nzeru zake iye mpaka kumulepheretsa mayeso, mwina inasungako kanthu ka achimwene ake.

Loweruka lina anawakweza m'kagalimoto ka a Timoti n'kulowera kwa Kanduku. Njira inali yomweyo koma si yomwe ija. Mapolo a magetsi anandanda mpaka kumudzi, ndipo nyumba zambiri za m'menemo, kuphatikizapo za amayi aja ankaseka pamjigo, mawaya ake anaika ndi Liness yemwe, nkhani ya khola la mbuzi osaikumbutsa, ngakhale pakamwa pankayabwa. Chigayo chinali chamagetsi, sichinkagundanso mtima ngati cha dizilo chija. Njinga zamoto zinkawadutsa zikuwathira fumbi. Potsetsereka paja mbawa inali itapita kalekale m'matumba a makala, patangotsala chitsa chakuda. Liness anaimitsa galimoto pamenepo, anatsitsa galasi, anadikira. A Jailosi anayang'ana chitsacho, anayang'ana mbuzi imene inkadya pambali pake, kenako anayamba kusinza.

Pamenepo mtima wa Liness unasweka, ndipo anadana ndi aliyense amene anawotchapo makala m'boma la Mwanza, ngakhale iye mwini ankaphikira omwewo. A Timoti, amene anali nawo m'galimotomo, anamuuza mofatsa kuti mwina avomereze, munthuyu amusamale momwe alili, asadzizunze. Liness analizanso galimoto. Anapitiriza mpaka kunyumba ya mayi, imene tsopano ankasungiramo chimanga, kuti angoona ngati chiswe sichinalowe. Atakweza maso kudenga anaiona njinga ija ili pomwe anaipachika, matayala ataphwa, akangaude atamangapo midzi yawo.

Anaima nthawi yaitali akuiyang'ana. Iye amene amauza ophunzira tsiku ndi tsiku kuti kuona chinthu sikufanana ndi kuchichita, anali atawaika achimwene ake pampando wofewa, kuseri kwa galasi, kuti aione njira ngati tsamba la buku. A Jailosi njira imeneyi sanaidziwe ndi maso. Anaidziwa ndi msana, ndi matako, ndi makutu.

Wokonza njinga wa pa Boma anasintha matayala ndi tcheni, ndipo atazunguza gudumu lakumbuyo anati limu imeneyi njotaya, aike ina. Liness anakana. Mnyamatayo anati ndiye aiwongole, chifukwa buleki izidzalira mochititsa manyazi. Liness anati ailimbitse bulekiyo kuti izigwira, koma limu asaikhudze ngakhale pang'ono. Wokonzayo anapukusa mutu, n'kuuza anzake pambuyo pake kuti anthu ophunzira akamakula mitu imayamba kuzungulira.

A Timoti anakana poyamba, anati munthu wakufa mbali imodzi sakwera njinga, akagwa tidzauza chiyani anthu. Kenako, poti amamudziwa mkazi wawo, anangothandiza. Loweruka lotsatira, mame asanaume, anali pakhomo pa nyumba ya mayi. Anawakhazika a Jailosi pakaliyala atayalapo pilo, phazi lakufalo analimangirira pachitsulo chopondera, ndipo Liness atakhala pachishalo anawamanga kumsana kwake ndi chitenje, mfundo ili pamimba. A Timoti anati azitsatira ndi galimoto chapatali.

Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona Madamu wa pakoleji, mayi wa ana akuluakulu, akupalasa njinga yakale atabereka bambo wa imvi. Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Liness sanawaone n'komwe. Miyendo inali itaiwala ntchitoyi, mpweya unkamuthera, ndipo a Jailosi, ngakhale anaonda, ankalemera ngati thumba lonyowa. Koma chovuta kwambiri sichinali chimenecho. Chovuta chinali kukhala chete. Atafika pamjigo mawu akuti fyuzi anafika pamilomo, anawameza. Anadziwa kuti akangowatchulira, adzamva eya, ndipo sadzadziwa ngati zachokera mwa iwo. Tsopano anamvetsa kuti chete uja ankamuwawa kale, ankawawanso kwa wopalasa.

Pamjigo panadutsa popanda kanthu. Patchalitchi chimodzimodzi. Pachigayo anamva dzanja lamoyo lija likugwira malaya ake m'chiuno, koma mwina kunali kuopa kugwa chabe. Anayamba kudzimvera chisoni, ndiponso manyazi, kuti wazunza wodwala chifukwa cha zofuna za mtima wake. Anaganiza kuti akafika kumtsinje aima, adikire galimoto, ndipo nkhaniyi ithere pomwepo.

Njira inayamba kutsetsereka. Njinga inathamanga, miyala inayamba kuwagwedeza, chitsa chakuda chija chinaonekera kumanzere. Liness anakoka buleki, ndipo inalira kulira komwe kuja, kwa mbuzi yomangidwa, ngati zaka zonsezi inkangodikira kudenga.

Anamva chifuwa cha achimwene ake chikukoka mpweya kumsana kwake. Anamva chibwano chikuyenda paphewa pake, chikulimbana ndi chinthu cholemera. Sanatembenuke, sanathandize.

"Wa... wa... wamoto?"

Mawuwo anali okhuthala, opotoka, koma anali funso. Liness anali ndi mayankho awiri. Masiku ano mawaya ambiri m'masitolo amabwera amitundu ina, ndipo wophunzira wake aliyense amayenera kudziwa kuti waya wamoto akhoza kukhala wabulauni. Koma amene ankafunsayu anachoka zimenezo zisanafike kuno.

"Wofiira, achimwene."

"Wa... kuda?"

"Nyutulo."

Lachitatu linatenga nthawi. Anamva likuyamba, likugwa, likuyambanso. Analidikira, buleki ikulirabe.

"Wobi... riwira?"

"Ethi."

Matayala analowa m'madzi a kamtsinje, amene tsopano anali ochepa moti sanafike n'komwe pa masipoko. Kumbuyo kunali zii. Liness anaponda pansi ndi phazi limodzi, njinga inaima pakati pa mchenga, ndipo anangomva madzi akudutsa. Anadziuza kuti zimenezi n'zokwanira, kuti mwina ndi nyimbo chabe imene yatsalira m'mutu, yoti akanaimbira aliyense amene akanawakweza. Kenako dzanja lija linasiya malaya n'kumusisita pamkono, kawiri.

"Mwakhoza... a Injiniya."

Liness analira pomwepo, mokweza, osasamala za amayi amene ankachapa chakumtunda. A Timoti anaimitsa galimoto pamwamba pa malo otsetsereka aja, anaona kuti palibe wagwa, ndipo anachita bwino kukhala momwemo.

Atapukuta maso anamasula chitenje mosamala, anatsika, n'kuika dzanja la achimwene ake pachishalo kuti agwire. Chitunda cha kutsidya kale ankachikankha awiri. Tsopano anakankha yekha, dzanja lina pachogwirira lina kumsana kwawo, akupuma pafupipafupi. Atafika pakati, mawu aja anamvekanso.

"Wamoto?"

Liness anaima n'kuwayang'ana kumaso.

"Achimwene, limeneli si malo ake pano. Munanena nokha kuti silisuntha."

Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'onopang'ono, mpaka dzino lawo lothyoka linaonekera, ndipo maso awo anali pa iye.